Fani ya galimoto yakale: kaisamalidwe kake ndi kupeza vuto injini ikamatentha

Mukadutsa mumsewu wa Seke kapena wa Simon Mazorodze kuno ku Harare cha m'ma 5 koloko madzulo m'mwezi wa October, simulephera kuona galimoto yakale itakhala pambali, boneti ili yasaa, nthunzi ili tolotolo, mwini wake akuyendayenda ndi chigubu kupempha madzi. Ine ndinakhalapo munthu ameneyo kangapo konse. Galimoto yake ndi Peugeot 404 imene malemu bambo anga anandisiyira, mtundu womwe uja wa ma ET, matakisi aja amene ankatilongeza ngati matumba a chimanga m'zaka za m'ma 1980, kungoti yanga ndi saluni, ya buti yakeyake kumbuyo. Bambo anabwera kuno kuchokera ku Dedza ali mnyamata, ndipo galimotoyi ankaisamala kuposa jekete lawo la kutchalitchi. Itangofika m'manja mwanga ndinayamba kuiwiritsa ngati ketulo, mpaka amalume anga a ku Highfield, amene akhala akugwira sipanala ku Gazaland ine ndisanabadwe, anandikhazika pansi. Zambiri zimene ndalemba panozi n'zawo. Zina ndadzionera ndekha pa magalimoto a anzanga, Datsun 120Y, Nissan 1400, Mazda 323 ndi Land Cruiser yakalekale.

Choyamba: musagwire sipanala, yang'anani geji

Nditawafotokozera kuti galimoto ikutentha, amalume sanatsegule n'komwe boneti. Anangofunsa kuti, "Mphwanga, imatentha ikamathamanga kapena ikaima?" Ndinasowa choyankha, chifukwa ndinali ndisanaganizepo kuti pali kusiyana.

Kusiyana kulipo, ndipo nkhani yonse yagona pamenepa. Galimoto ikamathamanga pamsewu wopanda chotchinga, mphepo imalowa yokha kutsogolo n'kudutsa mu rediyeta, moti fani imakhala ilibe ntchito yeniyeni. Ntchito yake imayamba mukaima pa maloboti, mukamakwawa pamzere wa magalimoto m'tauni, kapena mukamakwera chitunda pang'onopang'ono mutasenza katundu. Choncho yendetsani galimotoyo masiku awiri kapena atatu diso lili pa singano ya geji yoonetsa kutentha kwa injini. Ngati singano ikukwera muli pamzere mu Julius Nyerere Way koma n'kutsika mukangotulukira pamsewu wa ku Bulawayo, vuto lili pa fani kapena pa njira ya mphepo, ndipo malangizo awa ndi anu. Ngati ikukhala bwinobwino m'tauni koma n'kukwera mukamathamanga ulendo wautali, isiyeni fani, ilibe mlandu. Pamenepo kayikirani rediyeta yotsekeka mkati, themositati (kavavu kotsegulira madzi njira ya ku rediyeta injini ikafunda) yosatseguka mokwanira, kapena paipi ya pansi imene ikufwapa injini ikakoka madzi mwamphamvu.

Anthu ambiri amataya ndalama chifukwa chodumpha funso limeneli.

Chachiwiri: madzi, chitsekero ndi nkhope ya rediyeta

Chitani izi m'mawa injini itazizira usiku wonse. Tsegulani chitsekero cha rediyeta muone ngati madzi afika pakhosi. Fani yabwino chotani singaziziritse rediyeta imene ili ndi madzi theka.

Chitsekerocho musachipeputse. Harare ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,500 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo kuno madzi amawira pa madigiri 95 kapena pafupi ndi pamenepo, osati 100. Chimene chimathandiza kuti asawire mu injini ndi sipuling'i ndi labala za m'chitsekero, zimene zimasunga mpweya wopanikizika. Zambiri za magalimoto a ku Japan zimalembedwa 0.9 pamwamba, nambala yosonyeza mphamvu ya kupanikizako, ndipo chikakhala chabwino madzi amapirira kupitirira madigiri 110 osawira. Labala ikauma kapena kung'ambika, galimoto imataya madzi ngakhale fani ikugwira bwino ntchito. Gulani china cha nambala yofanana ndi imene galimoto yanu imafuna. N'chotchipa kuposa china chilichonse chimene nditchule m'munsimu.

Kenako unikani ndi tochi kuseri kwa rediyeta, inu mukuyang'ana kutsogolo. Kuwala kuzioneka kudutsa m'timipata. Mu September ndi October maluwa a jakaranda amalowa paliponse, ndipo amene mumapita kumunda kumapeto kwa dzinja mukudziwa mmene njere za udzu ndi tizilombo zimamatirira pamenepo. Tsukani ndi paipi ya madzi kuchokera mbali ya injini kupita kutsogolo kuti zinyalala zitulukire kumene zinalowera. Makina opopera mwamphamvu a kotsukira magalimoto aja amapinda tizitsulo topyapyala ta rediyeta, choncho auzeni anyamata asalozetse pamenepo.

Chenjezo musanalowetse dzanja

Kiyi akhale m'thumba mwanu, osati pa galimoto. Ngati fani yanu ndi yamagetsi, chotsaninso waya wa negetivi pa batire, chifukwa pa magalimoto ena, monga VW Golf yakale, fani imatha kudziyambira yokha injini itazimitsidwa kale. Pamene mukufunika kuyang'ana injini ikulira, vulani tayi, pindani manja a malaya, chitenje chimangidwe bwino, ndipo musaime moyang'anizana ndi m'mphepete mwa fani wina akamaponda mafuta. Phiko lachitsulo likathyoka limauluka ngati chikwanje, limatha kuboola boneti. Ndiponso chitsekero cha rediyeta yotentha sichitsegulidwa. Dikirani.

Chachitatu: dziwani mtundu wa fani yanu

Pa magalimoto akale amene tili nawo kunoku mupeza mitundu inayi. Pali fani yomangidwa ndi mabawuti pa pule ya pampu ya madzi, imene imazungulira nthawi zonse injini ikamalira, ngati ya pa Nissan 1400. Pali ina yokhala ndi chimbale cha aluminiyamu cha mizeremizere pakati, chimene amakanika amati viscous, yofala pa Land Cruiser, Hilux ndi Mercedes zakale. Pali ya Peugeot 404 ndi 504 yogwidwa ndi maginito. Ndiye pali yamagetsi yokhala ndi mota yakeyake, imene mudzaipeza pa magalimoto oyendera matayala akutsogolo monga Mazda 323 ya m'ma 1980 ndi Golf. Mitundu itatu yoyambayo imadalira lamba, choncho tiyambire pa iye.

Chachinayi: lamba

Dinikizani lamba ndi chala chachikulu pakati pa mapule awiri otalikirana kwambiri. Azilowa mamilimita 10 mpaka 13, kunena kwake pang'ono kupitirira sentimita imodzi. Akalowa kwambiri ndiye kuti akuterereka, ndipo fani ndi pampu zonse zikuzungulira mwaulesi. Chizindikiro chake mumachidziwa: kulira kwa tswiii m'mawa mukangoliza injini kapena mukayatsa nyali.

Mupotozeni muone kumimba kwake. Ming'alu, ulusi wotuluka m'mbali, kapena mbali zonyezimira ngati zapakidwa polishi, zonsezi zikutanthauza kuti watha. Onaninso mmene wakhalira mu pule. Lamba amagwira ndi mbali zake, osati ndi mimba. Akamira mpaka kukhudza pansi pa ngalande ya pule, ndiye kuti wadyeka kapena anakugulitsani wopyapyala, ndipo ngakhale mumukoke bwanji azingoterereka.

Pomukunga, masulani pang'ono bawuti la pansi pa olitaneta ndi la pa kachitsulo kokhala ndi mpata wautali pamwamba. Kankhirani olitaneta kunja ndi mtengo, monga mpini wa hamala, osati chitsulo chimene chingaswe chigoba chake. Mangani la pamwamba, yesaninso ndi chala, kenako mangani la pansi. Pali anthu amene amakunga lamba mpaka kumalira ngati nsambo ya banjo, poganiza kuti akuchita bwino. Kumeneko n'kupha bering'i ya pampu ndi ya olitaneta. Lamba watsopano amatamuka, ndiye mumuyesenso pakatha masiku atatu kapena anayi.

Popita kukagula mu Kaguvi Street nyamulani wakaleyo m'manja, kapena lembani nambala imene ili pamsana pake, chifukwa imasonyeza kukula kwake. Gulani awiri, winayo azikhala mu buti pamodzi ndi masipanala ake. Za kupaka sopo kapena mafuta kuti lamba asiye kulira, kumeneko n'kutseka pakamwa mwana wodwala.

Amene muli ndi VW Beetle kapena Kombi yakale ya injini kumbuyo, yanu ilibe madzi n'komwe, moyo wake wonse uli pa fani imene ili pa shafuti ya jenereta. Kanyali kofiira ka jenereta kakayaka muli paulendo, imani pomwepo mukaone lamba. Mukati ndikafike kaye pa filing'i siteshoni, injini ipsa.

Chachisanu: mapiko, pampu ndi chigoba chozungulira fani

Lamba ali womasuka, gwirani mapiko awiri oyang'anizana n'kugwedeza fani kutsogolo ndi kumbuyo. Isamagwedezeke. Ikamachita gwedegwede pamodzi ndi pule, bering'i ya pampu yatha. Suzumirani kunsi kwa pampu, pali kabowo kakang'ono. Mukaona mzere wa dzimbiri kapena zoyerayera zouma kuchokera pa kabowoko, pampu yayamba kudontha ndipo masiku ake ndi owerengeka. Isintheni isanalekerere fani kuti ikadye rediyeta.

Pukutani mapiko ndi kansalu muwaone limodzilimodzi, makamaka m'tsinde, pozungulira mabawuti ndi marivetsi, pamene ming'alu imayambira. Fani yapulasitiki ikakalamba imachita mbuu n'kuyamba timing'alu ngati chidendene cha m'chilimwe. Yotereyo yatha. Yachitsulo ikapindika kapena kung'aluka, musaiwongole ndi hamala ndipo musaiwotcherere. Ndikudziwa kuti ku Siyaso kuli amisiri amene angawotcherere chilichonse, ndipo ndimawalemekeza, koma fani yowotcherera imalemera mbali imodzi, imagwedeza pampu, ndipo tsiku lina idzathyokera pomwepo. Kasakeni ina yathunthu kwa ophwasula magalimoto.

Musanaimasule, lembani chizindikiro ndi choko mbali imene yayang'ana injini. Fani ya pa lamba mukaibwezera chagada imakokabe mphepo mbali yomweyo, koma mofooka, moti mumangodabwa kuti galimoto yayamba kutentha chichokereni kugalaja. Mbali yokumbika ya phiko, ngati mkati mwa supuni, imayang'ana injini.

Tsopano chigoba chija chozungulira fani, chimene amakanika amati shroud. Apa ndikhalitsapo, chifukwa ndi pamene mnzanga wa Land Cruiser anapwetekera. Anapititsa galimoto kwa makanika wina kuti akasinthe pampu. Makanikayo anaona kuti chigobacho chikumuvuta kubwezera, anachiponya kuseri kwa galaja n'kunena kuti n'chokongoletsa chabe. Sabata yomweyo galimoto inawira pamzere wa ku Mbare Musika. Tinasintha themositati, tinatsukitsa rediyeta, osaphula kanthu. Amalume atasuzumira anangoti, "Nanga chipewa chake chili kuti?" Popanda chigoba, fani imangokoka mphepo ya m'mbali, yotentha kale, n'kumaizunguza mu boneti momwemo. Chigoba ndi chimene chimaikakamiza kukoka kudzera mu rediyeta yonse, mpaka m'makona. Tinakachitola chili ndi madzi a mvula, tinamanga pong'ambika ndi kachitsulo ndi marivetsi, ndipo singano inabwerera pamalo pake tsiku lomwelo. Ngati galimoto yanu inabadwa ndi chigoba, chikhalepo, ndipo mapiko azilowa mkati mwake pafupifupi theka.

Mukaona zokalika mkati mwa chigoba kapena nsonga za mapiko zodyeka, onani malabala amene injini yakhalira. Akaduka, injini imadumpha mukamanyamuka, fani n'kumenya chigoba. Ndi maenje a m'misewu yathuyi, malabala amenewa sakhalitsa.

Chachisanu ndi chimodzi: fani ya viscous

Mkati mwa chimbale chija muli mafuta a silikoni, ndipo kutsogolo kwake kuli kasipuling'i kopiringizika kamene kamamva kutentha kwa mphepo yochokera mu rediyeta. Mphepo ikatentha, kasipuling'iko kamatsegula njira, mafuta amagwira, fani n'kuyamba kukoka mwamphamvu. Ikazizira imalekerera.

Injini ili yozima ndi yozizira, kankhani phiko ndi chala. Muzimva kulemera pang'ono, ngati mukutakasa phala, ndipo fani iziima msanga mukaisiya. Ikamazungulira yokha kangapo ngati gudumu la njinga, mafuta anatha. Ikakana kusuntha n'komwe, yagwirana, ndipo yotereyo imachita mkokomo nthawi zonse, imadya mafuta a galimoto, imathanso kuthyola mapiko. Mvetseraninso m'mawa: yabwino imachita mkokomo kwa kanthawi mukangoliza injini, kenako n'kukhala chete. Injini ikatentha pamzere izichitanso mkokomo. Muyeso wina ndi uwu: injini itatentha bwino, wina azimitse inu mukuyang'ana patali. Fani yabwino imaima pafupifupi nthawi yomweyo, yakufa imapitiriza kuzungulira.

Mizere yakuda yamafuta yochokera pakati pa chimbale ikusonyeza kuti chikudontha. Tsukani kasipuling'i kakutsogoloko ndi kaburashi, chifukwa kakakutidwa ndi matope sikamva kutentha. Zimbale zambiri za Toyota zimamasuka pakati ndipo zimathiridwa mafuta a silikoni atsopano. Girizi kapena oyilo wa injini sizigwira ntchito imeneyo. Zomwe sizimasuka n'zongosintha. Pa magalimoto ena, monga BMW zakale, nati yaikulu yogwira fani ili ndi mazinga a kumanzere, imamasuka mbali imene ena amamangira, ndiye musalimbane nayo mpaka kuiphwanya. Njira ija yoimitsa fani ndi nyuzipepala yopinda injini ikulira ndimaiona anthu akuchita, koma ine sindiilimbikitsa. Zala sizigulitsidwa mu Kaguvi.

Chachisanu ndi chiwiri: fani ya Peugeot

Iyi ndi imene inandizunza ine. Injini ikakhala yozizira fani imangozungulira mwaulesi, ndipo munthu wosadziwa amati yafa. Madzi akatentha, switchi yomva kutentha, imene pa yanga ili kumunsi kwa rediyeta, imatumiza magetsi ku maginito a mu pule kudzera pa kakhala kakang'ono, kamene amakanika amati brush, kokhudza mkombero wa mkuwa. Maginito amakoka mbale ya fani, n'kuyamba kuzungulira limodzi ndi pule.

Poyesa, tembenuzani kiyi kuti nyali za pa dashibodi ziyake koma injini osailiza. Zulani mawaya awiri a pa switchi muwakhudzitse. Muzimva kuti tha! kutsogolo, ndipo fani ikhale yolimba mukaikankha. Mukamva, ndiye kuti maginito ali bwino, kayikirani switchi. Mukapanda kumva, onani fyuzi, kenako kakhala kaja. Pa yanga kanali katadyeka mpaka kutsala kachidutswa ngati njere ya mpunga, ndipo mkombero unali bii ndi girizi wosakanikirana ndi fumbi. Ndinapukuta ndi kansalu konyowa petulo, ndinaika kakhala kena, basi. Miyezi yonse ija ndinkanyamula zigubu chifukwa cha kanthu kosakwana chala cha mwana.

Chinanso ndi mpata wa pakati pa mbale ndi maginito. Ndi wochepa kwambiri, wosakwana theka la milimita, ndipo ukakula maginito amalephera kukoka. Pali timabawuti titatu tochunira, ndipo mpatawo uyezedwe ndi feeler gauge, tizitsulo topyapyala toyezera mipata, kuti ukhale wofanana mbali zonse zitatu. Zikakuvutani muli kutali, mutha kumanga timabawutito mpaka fani itagwirana ndi pule kuti izizungulira nthawi zonse, mukafike kunyumba. Ma 404 ndi 504 ambiri kunoku anamangidwa chotero kalekale ndipo akuyenda. Ine ndinasankha kuibwezeretsa mwakale chifukwa galimoto imakhala yachete, ndiponso bambo ankaikonda choncho.

Chachisanu ndi chitatu: fani yamagetsi

Lizani injini galimoto itaima, diso pa geji. Singano ikafika pakati kapena kupitirira pang'ono, fani iyambe, izungulire kanthawi, n'kuzima. Ikapanda kuyamba singano ikupitabe kofiira, zimitsani injini, idikireni izizire, ndipo tsatani njira ya magetsi kuyambira pa chotchipa.

Yambani ndi fyuzi. Ngati yapsa, ikani ina ya nambala yomweyo. Waya kapena pepala lonyezimira la m'paketi ya fodya m'malo mwa fyuzi ndi njira yachidule yowotchera galimoto. Yatsopano ikapsanso nthawi yomweyo, pali waya wosupuka amene akukhudza chitsulo, kapena mota yalimba. Batire lili lochotsa, zunguzani mapiko ndi dzanja mumve ngati akuyenda mofewa.

Kenako yesani mota payokha. Zulani pulagi yake, tengani mawaya awiri, wina wokhala ndi fyuzi, mulumikize ku batire. Ikazungulira mwamphamvu, mota ilibe mlandu. Ikangoti zii, igogodeni pang'ono ndi chigwiriro cha sikuludiraiva. Ikadzidzimuka n'kuyamba, makala a mkati atha, ndipo amisiri a zamagetsi a galimoto amatha kuwasintha pa mota zambiri zakale.

Mota ikakhala bwino, pitani pa rileyi, kabokosi kakang'ono kamene kamalumikiza magetsi opita ku mota. Njira yosavuta ndi kusinthanitsa ndi ina yofanana nayo ndendende ya pa galimoto yomweyo, monga ya hutala. Kenako switchi ya pa rediyeta kapena pafupi ndi themositati. Kiyi ali wotembenuza, zulani pulagi yake mulumikize mbali ziwirizo ndi kawaya. Fani ikayamba, ndiye kuti njira yonse ili bwino kupatula switchiyo. Koma samalani, pa magalimoto ena a ku Japan zinthu zimayenda mosemphana: kungozula pulagi fani imayamba yokha. Choncho manja akhale kutali ndi mapiko pamene mukuzula.

Musanaiweruze switchi, kumbukirani kuti imamva madzi, osati nthunzi. Madzi akachepa kapena mukakhala mpweya wotsekeredwa pamene yakhala, siigwira ntchito ngakhale ili yabwino. Ndiye pali msampha wina wa kuno kwathu. Anthu amaiyesa poiviika m'madzi owira n'kupima ndi mita yoyezera magetsi. Pathupi pa switchi pamadindidwa manambala awiri, loyamba la pamene imayatsa fani, lachiwiri la pamene imazimitsa. Ngati nambala yoyatsira ili 95 kapena kuposa, madzi a pa mbaula ku Harare awira asanafikepo, inu n'kutaya switchi yabwinobwino. Sakanizani madziwo ndi coolant, mankhwala aja othira mu rediyeta, kuti athe kutentha kupitirira, ndipo gwiritsani ntchito chitini chakale, osati poto wa mayi a kunyumba. Coolant ndi poizoni, komanso amatsekemera, ndiye asatayidwe pamene ana kapena agalu angafike.

Musaiwale waya wa ethi, wopita ku chitsulo cha galimoto. Mumasuleni, palani dzimbiri ndi sandipepa mpaka chitsulo chiwale, mumangenso. Mapulagi obiriwira ndi dzimbiri nawonso amafooketsa fani, imazungulira koma mwa njala.

Mukamaliza kulumikiza, yesani mbali imene mphepo ikupita. Ikani pepala kutsogolo kwa rediyeta fani ikuzungulira. Lizimatirira. Likamakankhidwira kwa inu, mawaya a mota asemphana, ndipo fani ikulimbana ndi mphepo ya pamsewu. Mota zambiri zoterezi zimabwerera m'mbuyo mukasinthanitsa mawaya, ndipo cholakwa chimenechi chimachitika kawirikawiri kuposa mmene amakanika angavomerezere.

Za "dayirekiti" ndi kuchotsa themositati

Mankhwala otchuka m'magalaja athu ndi awiri: kulumikiza fani ku kiyi kuti izingozungulira, ndi kutaya themositati. Loyambalo ndilabwino pofuna kukafika kunyumba usiku, koma likakhala la muyaya mota imatha msanga, ndipo tsiku imene idzafe simudzadziwa. Lachiwirilo ndimakana. Themositati zambiri za magalimoto amenewa zimatseguka cha pa madigiri 82, ndipo ntchito yake ndi kuthandiza injini kufunda msanga. M'mawa wa mu June kapena July kuno, injini yopanda themositati imayenda ulendo wonse wa kuntchito ili yozizira, ikumwa petulo wambiri ndi kudyeka mkati. Ngati themositati yafa, gulani ina.

Ena amafuna kuchotsa fani ya pa lamba n'kuika yamagetsi. N'zotheka, koma ganizani kaye za olitaneta. Fani yamagetsi imatha kudya ma amp 10 mpaka 20, ndipo magalimoto akale ambiri ali ndi olitaneta yaing'ono kapena jenereta imene injini ikamangolira galimoto itaima imapereka magetsi ochepa, nthawi yomweyo imene fani ikufunika. Ngati mwatsimikiza, idutse pa rileyi. Mwendo wolembedwa 30 upite ku batire kudzera pa fyuzi yokhala pafupi ndi batirelo, 87 upite ku fani, 86 ku waya wa kiyi, ndipo 85 udutse pa switchi yomva kutentha kupita ku ethi. Mawaya a 30 ndi 87 akhale onenepa. Koma ine maganizo anga ndi akuti fani yoyambirira yokhala ndi lamba wabwino ndi chigoba chake imaposa tifani totchipa tambiri timene timamangidwa ndi mawaya pa rediyeta.

Zonse zili bwino koma ikutenthabe

Pamenepo fani yatuluka m'mlandu. Injini itafunda n'kuzimitsidwa, yendetsani chikhatho mosamala pankhope pa rediyeta. Malo ozizira pakati pa malo otentha akusonyeza mipope yotsekeka, ndipo kawirikawiri chimachititsa ndi madzi a pa mjigo amene ambirife timathira, omwe amasiya miyala ngati ya mu ketulo. Ipititseni kwa okonza marediyeta akaitsegule, ndipo mukabwezera muthire coolant wosakaniza bwino. Muonetsenso timing, nthawi imene mapulagi amathetheka moto mu injini, chifukwa ikachedwa injini imatentha. Thovu losatha pakhosi pa rediyeta injini ikulira, oyilo wooneka ngati tiyi wamkaka, kapena utsi woyera wosaleka ku ekizozi, zimenezo ndi za gasiketi ya hedi, nkhani ya tsiku lina.

Muyeso womaliza ndimachita chonchi: masana dzuwa lili pamutu, ndimaisiya ikulira pabwalo mphindi 20 boneti ili yotseka, kenako ndimakalowa dala pamzere wa m'tauni. Ikapirira pamenepo ndiye ndimailola ulendo wa kumudzi. Amene munadutsapo njira ya ku Nyamapanda, yopita ku Malawi kudzera ku Mozambique, mukudziwa kuti mukangopitirira Mutoko dziko limayamba kutsika ndi kutentha, ndipo ku Tete ndi pa mizere ya pachipata ndi pamene fani imaonetsa khalidwe lake lenileni. Singano ikayamba kukwera muli kumeneko, tsegulani hita mpaka kumapeto ndi mawindo onse, chifukwa hita ndi karediyeta kena kakang'ono. Mutuluka thukuta, koma ikupatsani mpata wopeza poima. Mukaima tsegulani boneti, chitsekero musachikhudze mpaka paipi ya pamwamba itafewa ndi kuzizira moti n'kuigwira ndi dzanja. Madzi ozizira sathiridwa mu injini yotentha kwambiri, hedi imang'aluka. Mu buti ya 404 yanga mumakhala lamba mmodzi, mafyuzi, kawaya kotalika ngati mkono, malita asanu a madzi, ndi kakhala kena ka fani kokulungidwa m'pepala m'kachitini ka machesi ka bambo.